Impso ya a Zuwena

A Zuwena a ku Namitambo, amene amagulitsa nandolo ndi phwetekere pamsika, si munthu womuphunzitsa za mankhwala. Zaka makumi awiri akhala akuyenda khomo ndi khomo, osalipidwa, kukumbutsa anthu kumwa ma ARV. Ukadumphitsa tsiku limodzi, mawa lake ali pakhomo pako, manja m'chiuno. "Chitetezo chikatsika, tikukwirira!" Ineyo anandikalipirapo pagulu, ndipo ndili moyo chifukwa cha pakamwa pawopo.

Mlongo wawo wamng'ono, a Mubarak, telala, impso zawo zonse zitafa, a Zuwena sanadikire kupemphedwa. Anawayeza magazi, zinagwirizana, awiriwo n'kukwera ndege wa ku India. Anabwerako a Zuwena ali ndi chipsera m'nthiti, a Mubarak ali ndi impso ya achemwali awo ndi chikwama cha mapilisi. Mashini osokera anayambanso kulira pakhonde.

Patatha miyezi isanu, a Mubarak anayamba kutsokomola, m'kamwa mutatuluka zilonda zoyera. A Zuwena zilonda zimenezo amazidziwa bwino, anaziona pa anthu ambiri amene anawaika m'manda.

"Achimwene, mapilisi mukumwawa ndi a chiyani kwenikweni?"

"Adokotala anati ndi otsitsa chitetezo, achemwali."

"Otsitsa? Mayo ine! Munthu n'kumamwa dala mankhwala otsitsa chitetezo?"

A Mubarak anati awafotokozere, koma ndani anayamba wawadula mawu a Zuwena? Achemwaliwo anatenga chikwama chija n'kukachitsekera m'sutikesi kwawo. M'malo mwake anayamba kuwaphikira phala la soya lothira nsinjiro ndi ufa wa chammwamba. A Mubarak, munthu wofatsa, sakanalimbana ndi mlongo amene anawapatsa chiwalo chake. Anangokhala chete. Chete ameneyo mpaka lero amandipsetsa mtima.

Zilonda zinapoladi, chifuwa chinatha. A Zuwena ananyadira pamsika ponse. Sabata yachitatu miyendo ya a Mubarak inatupa, nsapato osalowa, mkodzo unasiya kutuluka.

Ndinawaperekeza ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Dokotala wa impso, mayi wa ku Thyolo amene anati amafufuza za impso zopatsana, atamva za sutikesi anavula magalasi n'kukhala pansi.

"Amayi, asilikali a m'thupi amamenya chilichonse chachilendo. Mapilisi aja amawagoneka kuti asaione impsoyo. Inu mwawadzutsa, ndipo aimenya."

"Chachilendo?" A Zuwena anaimirira. "Tinayamwa bere limodzi ife! Impso yanga ikhala bwanji mlendo mwa mwana wa amayi anga?"

"Thupi silidziwa chibale, amayi. Mukanabwera ndi zilonda zija, tikanangochepetsa mlingo."

Madokotala anayesa masiku khumi ndi mankhwala amphamvu a m'mitsempha, koma impsoyo sinadzukenso. A Mubarak anabwerera pa makina osefa magazi ngati kale asanapite ku India, kawiri pa sabata, Lolemba ndi Lachinayi.

Tsiku lomwe anatiuza kuti impsoyo yafa, a Zuwena sanalire. Anamasula chitenje, n'kugwira mbali yopanda chipsera.

"Chotsaninso iyi, muwapatse."

"Sitingathe, amayi. Yatsala ndi imodzi yomweyo."

"Ndati chotsani!"

A Mubarak ndi amene anatambasula dzanja lotupa lija ali pabedi, n'kugwira nsonga ya chitenjecho.

"Valani, achemwali. Mukapereka imeneyo, adzandiperekeza ndani Lachinayi?"