Belu la bambo

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, amalemba mapulogalamu a kompyuta. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Ukamufunsa za ntchito amangoti, "Ndimalumikiza makina kuti azimvana." Ine ndinkangoti matama basi, mpaka bambo atadwala sitiroko, pakamwa n'kutsekeka.

Ankagona kuchipinda chakumapeto, ndipo akafuna kuchimbudzi sankatha kuitana. Mlamu anatenga foni yakale yong'aluka galasi, n'kuikamo batani limodzi lalikulu. Bambo akalidina, foni inkatsegula soketi, kanjira ka uthenga, kupita ku laputopu ya pabalaza, belu n'kulira. Anandifotokozera uku akupinda zovala: "Adiresi ya laputopu ili ngati nyumba, mlamu, ndipo nambala yotchedwa poti ndi khomo lake. Laputopu imangokhala pakhomopo kumvetsera."

Tsiku lina magetsi anathima n'kuyakanso. Rauta, chitsiru cha kabokosi kolumikiza foni ndi laputopu, inagawa maadiresi mwatsopano, laputopu n'kupatsidwa ina. Bambo anadina, anadina, foni ikugogoda panyumba yopanda munthu, ife tili pabalaza kuseka za pa TV. Pomwe ndinkalowa ndi tiyi ndinapeza zofunda zanyowa, iwo atatembenukira kukhoma. Foni anali ataikankhira pansi.

Paja ine sindibisa mawu. "Taonani! Zamakina zanuzi zachititsa manyazi munthu wamkulu!" Mlamu anatola foni ija. Anachapa zofundazo yekha, misozi ili mbwe mbwe mbwe, kenako anakhala pa laputopu n'kuikhomerera adiresi kuti isasinthenso. Koma anati vuto lenileni silinali pamenepo. "Ndinalemba kuti foni izingotumiza, osadikira yankho. Bambo sankadziwa ngati tamva." Anakonza kuti laputopu iziyankha, ndipo yankho likapanda kubwera, foniyo izikuwa yokha.

Nanga bambo analola? Ukawabweretsera foniyo ankangotseka maso. Mlamu anagwada pambali pa bedi n'kudina yekha. Belu linalira pabalaza, foni n'kulankhula ndi mawu ake enieni: "Ndamva, bambo, ndikubwera."

Bambo anayang'ana foni, anayang'ana mpongozi wawo. Dzanja lawo la mbali yabwino linasuntha pang'onopang'ono, n'kudina, munthu ali pompo! Mlamu anadzuka, anatuluka, anagogoda, n'kulowanso. "Ndabwera, bambo."

Bambo anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa, n'kukokera foniyo pachifuwa. Ine ndinathawira kukhitchini kukalira. Mkazi ameneyu ndimamukonda, abale.