Chiliza Chopanda Maliro

Ndataya mkazi wanga Tadala, ndataya tulo, ndataya chilakolako cholankhula ndi anthu. Dzulo apongozi anaimba foni kuchokera ku Dedza kufunsa za chiliza. Panja wina ankatchetcha kapinga ndi makina, ndipo fungo la petulo linandibwezera ku Oakville, tauni ya kudziko la azungu, ndili mwana.

Amayi ankasamalira mzungu wina wokalamba pa famu yake yakalekale kunja kwa tauniyo. Loweruka ankanditenga pa sitima. Kuseri kwa nyumba kunali nsanja yaitali yamiyala, imene mkuluyo anamanga pokumbukira mkazi wake.

"Chimenecho ndi chiliza," ankatero amayi. "Osaloza chala, osathamanga. Pagona munthu wokondedwa."

Ndinkadutsapo monyang'ama, chipewa chili m'manja, pokhulupirira kuti mayiyo akumva mapazi anga. Tsiku lina ndinamuthyolera maluwa, n'kukankha chitseko cha nsanjayo. Munali makina otchetchera, zigubu za petulo ndi zitosi za nkhunda. Ngakhale makwerero munalibe.

Wosamalira munda anandipeza nditaima ndi maluwa anga, n'kuseka. Anati mayiyo anaikidwa kutsidya kwa nyanja, nsanjayo ndi yokongoletsa chabe.

"Amayi, munandinamiza," ndinatero m'sitima.

"Nanenso ndakhala ndikugwada pamenepo, mwana wanga."

Apongozi ndawauza kuti chiliza ndimanga. Mwala sungandinamizenso, chifukwa ndikudziwa kuti susunga munthu. Amene ndinamukhulupirira ndi Tadala. Kuchipatala anandikankha pamkono akumwetulira, nati: "Pita ukagone, iwe. Mawa undipeza."