Tsiku Limene Anasintha Mawu a Tavel

Hohepa Tangaere, amene tonse timangomutchula Hepa, anakulira ku Ruatoria ndipo anayamba kumeta nkhosa asanamere ndevu. Sukulu anailekera panjira. Ndi msuweni wanga wa patali, munthu wamtali, wowonda, ndipo pa hatchi amakhala ngati anabadwira pomwepo. Kutalikako ndi mahatchiwo ndi zimene zinamulowetsa mu filimu atapyola kale zaka makumi anayi.

Kampani ina ya kunja inabwera kudzajambula sewero la pa TV lochokera m'buku lotchuka la nthano, ndipo inamulemba kuti azisamala mahatchi basi. Tsiku lina mmodzi wa mabwana anamuona akutsetsereka phiri pa hatchi uku akudya payi wa nyama ndi dzanja limodzi. Mwezi usanathe Hepa anali atasanduka elufu, mmodzi wa anthu a m'nthano a makutu osongoka, osakalamba. Dzina lake m'seweromo linali Tavel. Ine ndinali m'gulu la odzola osewera, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamumata makutuwo ndi kumuveka tsitsi lofika m'chiuno.

"Msuweni," ankatero akadziona pagalasi, "ndikangolowa chonchi m'shedi ya nkhosa, anyamata aja andigwetsa n'kundimeta."

Tavel m'bukumo munalibe. Anangomupeka olemba seweroli. Mawu a osewera enawo sankawasintha chisawawa poopa okonda bukulo, amene anali atayamba kale kutukwana pa intaneti, kufunsa kuti elufu wa khungu lofiirirayu wachokera kuti. Koma mawu a Tavel analibe mwini. Olembawo akagona ndi maganizo ena, ankadzuka n'kuwasintha.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti Hepa sankatha kuwerenga. Dzina lake ankalemba, zikwangwani za mumsewu ankazizindikira, koma tsamba lodzaza zilembo linkangomuvinira m'maso. Ankadziwa ndi mkazi wake yekha, Mereana. Ngakhale mwana wawo Ripeka, amene anali pa yunivesite ku Hamilton, sankadziwa. Mereana anasiya ntchito yake yophika pasukulu n'kutsatira mwamuna wake ku Twizel, kumene tinkajambulira. Madzulo aliwonse ankamuwerengera mawu a mawa lake, Hepa n'kuwaloweza. Mutu wake unali wakuthwa.

Tsikulo kunacha ndi chisanu choluma. Tinali m'chigwa, m'tsinde mwa mapiri, ndipo gawo lojambula linali lalikulu: Tavel akukana kutsogolera ankhondo a mfumukazi kudutsa dziko la makolo ake. Ndili mkati momata khutu loyamba, mayi wina wa ku ofesi analowa mu kalavani yathu ndi mapepala a pinki. Pinki ankatanthauza kuti mawu asintha.

"A Tangaere, awa ndi atsopano. A Corbett akukufunani dzuwa likangosuzumira paphiri."

A Corbett ndiwo ankatsogolera kujambula, Mngelezi wosadziwa kudikira.

Hepa analandira mapepalawo n'kuthokoza. Mayiyo atatuluka, ndinaona thukuta litamera pamphumi pake. Guluu sagwira pathukuta. Ndinapukuta, linameranso.

"Wadwala?" ndinamufunsa.

"Foni yako ili kuti?"

"Kwa alonda kugeti, ngati ya wina aliyense. Bwanji?"

Ankafuna kuimbira Mereana, koma zimenezo ndinazizindikira pambuyo pake. Anayang'ana mapepala aja nthawi yaitali, kenako anati, "Tseka chitseko, msuweni. Undiwerengere izi. Magalasi ndaiwala."

"Iwe unayamba liti kuvala magalasi?"

Anandiyang'ana kudzera pagalasi lalikulu lija, khutu limodzi la elufu, linalo lake. Ndi pamene ndinakumbukira kuti tikapita kokadya, Hepa sankatsegula pepala la zakudya. Ankangoti, "Chimene udye iwe, inenso chomwecho."

Ndinakhoma chitseko. Ndinaika mapepala patebulo la zodzoladzola, n'kumawerenga uku ndikumata khutu lachiwiri. Anali masamba awiri odzaza. Ndinkawerenga mzere, iye n'kubwereza maso atatsinzina. Wina anagogoda. Ndinayankha kuti guluu sanaume. Anagogodanso, mwamphamvu. Pamene ndinkamuveka tsitsi, anali atanena zonse kuyambira poyamba mpaka pamapeto, n'kuphonya mawu amodzi okha.

"Usauze munthu," anatero akuimirira.

Panja panali anthu mazana ovala zankhondo, akupondaponda pofuna kutenthetsa mapazi. Hepa anakwera hatchi yake yotuwa. Kamera itayamba, ananena mawu onse osadodoma.

Koma a Corbett sanakhutire. Anaitana wolemba, anagundanitsa mitu, ndipo ndinaona wolembayo akulemba ndi cholembera chakuda pa chikatoni chachikulu choyera. Mnyamata wa zingwe za magetsi anachinyamula n'kuima nacho pambali pa kamera.

"A Tangaere, mapeto tawasintha," anatero a Corbett. "Nthawi yoloweza palibe, mtambo uwo ukubwera. Mukafika pa manda a makolo paja, mungowerenga apa."

Ndinatola burashi n'kuthamangira kwa Hepa ngati ndikukakonza khutu. Ndinkafuna ndione chikatonicho ndimunong'oneze. Wachiwiri wa a Corbett ananditchinga ndi mkono.

"Makutu ali bwino, mayi. Bwererani."

Ngakhale ndikanafika, pachifuwa pa Hepa panali kamaikolofoni kobisika m'chovala. Chilichonse chonong'ona chikanamveka kwa anthu ojambula mawu.

Kamera inayamba. Hepa anayenda bwino mpaka pa manda a makolo, kenako anaima. Maso ake anapita pa chikatoni, anabwerera. Mayi wosewera mfumukazi anadikira, dzanja lili pa lupanga. Hatchi inapukusa mutu.

"Tiyambirenso," anatero a Corbett.

Ulendo wachiwiri Hepa ananena mapeto akale aja.

"Ayi, a Tangaere. Za pachikatoni."

Mthunzi wa mtambo unali utafika kale kutsidya kwa chigwa. Ulendo wachitatu Hepa anaimanso pomwe paja. Ndinaona dzanja lake litakunga zingwe za hatchi mpaka hatchi inabwerera m'mbuyo.

"Bwana," anatero, "zimenezo sindingawerenge."

"Zilembo zachepa? Sendezani pafupi."

"Ngakhale mutandiika pamphuno. Ine sindidziwa kuwerenga. Ndiuzeni pakamwa, kawiri."

Mawu amenewo anamveka m'makutu mwa aliyense wovala zomvera, ndi kwa ankhondo a mzere wakutsogolo. Wina pakati pawo anayamba kuseka, n'kudukiza. A Corbett anayang'ana kumwamba, kenako analanda chikatoni chija, n'kuyenda pa udzu wa chisanu mpaka paphewa la hatchi. Anawerenga mizereyo pang'onopang'ono, anabwereza, n'kubwerera kumpando kwawo. Hepa analakwitsa ulendo woyamba. Wachiwiri anamaliza, mthunzi uli pafupi kukhudza ankhondo a kumbuyo.

Masana ndinamuchotsa makutu. Pomaliza anangoti, "Ripeka amva."

Pofika Loweruka nkhaniyo inali pa intaneti. Amene anaitulutsa sanadziwike. Otukwana aja anapeza ndodo yatsopano, ndipo anamukwapula nayo popanda chisoni. Ripeka anamva kwa mnzake wa m'kalasi amene anamuonetsa pafoni. Ripeka anaimbira bambo ake foni ife tili m'galimoto yanga, tikuchokera kogula zinthu, ndipo ndinamva zonse.

"Bambo, n'zoona?"

"N'zoona, mwana wanga."

"Ndiye zotsatira zanga za kusukulu zija, munkaziyang'ana n'kumati ndakhoza. Munkaona chiyani?"

"Ndinkaona nkhope ya amayi ako."

"Zaka zonsezi? Ndikumve kwa anthu a m'kalasi, mwana wanu ine?"

Hepa anatsegula pakamwa, koma foni inali itadulidwa kale. Anandiuza kuti ndiime. Anatsika, n'kukaima pa mpanda wa waya kuyang'ana nkhosa za eni ake mpaka ine ndinazimitsa injini.

Kampani sinamuchotse. Inangolamula kuti mapepala a pinki akabwera, wina azimuwerengera, ndipo winayo ndinali ine. Chaka chotsatira olemba aja anapha Tavel ndi muvi pa mlatho, poti m'bukumo munalibe poti apite naye. Hepa anabwerera ku Ruatoria. Akumetabe nkhosa, ngakhale msana wayamba kumuvuta, ndipo a mafilimu akafuna mahatchi amamuimbira. Mereana anamupezera sukulu ya akuluakulu ku Gisborne. Anapitako pang'ono, kenako analeka, akuti mipando yake ndi ya ana.

Ripeka anatha miyezi osayankhula ndi bambo ake. Sikuti ankachita manyazi. Anandiuza yekha kuti chinamuwawa ndi kubisidwa. Anabwera pa Khirisimasi, anathandiza bambo ake kukumba dzenje lophikira nyama, ndipo za nkhaniyo sanakambe. Kuyambira pamenepo amawatumizira mawu ojambula pafoni, aataliatali, za mayeso, za nyumba yodontha imene akukhala, za mnyamata wina wa ku Tokoroa. Hepa amakamvetsera m'galimoto yekha, mawindo atatseka.