Ndinanyoza Mkazi Wanga ndi Buku la Ubatizo

Ine ndinapasula banja langa ndi pakamwa panga, ndipo chida chimene ndinagwiritsa ntchito chinali buku lakale la ubatizo. Papita zaka zambiri, koma ndikakumbukira mawu amene ndinalankhula tsiku lija ndimadzinyansa ndekha. Inu owerenga, makamaka inu amene mumakonda kufufuza za makolo anu, mverani zimene zinandichitikira.

Zinali m'zaka za Chitaganya, Chipata ikutchedwabe Fort Jameson. Ndinali kalaliki pa mishoni ina pafupi ndi Katete, ndipo ntchito yanga inali kutayipa makalata ndi kusunga mabuku a mpingo. Ndinali nditakwatira Eneresi, mkazi wa m'mudzi wina kufupi ndi Sinda, ndipo tinali ndi ana awiri. Iye ankakhala kwawo kulima mtedza ndi thonje, ine ndinkapalasa njinga kupita kumeneko Loweruka lililonse. Banja lathu linali labwinobwino. Vuto linali ine: ndinali nditamaliza Sitandade Sikisi, ndipo ndinkadziona ngati ndaposa mudzi wonse.

Pamishonipo panabwera dona wina wa ku Amereka kudzaphunzitsa atsikana kusoka. Anthu anamutcha Namapepala chifukwa thumba la makalata likafika, iye ndiye ankalandira maenvulopu onenepa kuposa aliyense. M'menemo munkakhala zimene mchemwali wake ankakopera m'matchalitchi ndi m'makhoti a kwawo: maina a obadwa, okwatira, omwalira, ndi a anthu amene anawoloka nyanja kalekale kukayamba midzi ku Amerekako. Dona ankafuna kulumikiza makolo ake onse, ndiye ankandipempha kuti ndizimutayipira. Anajambula mtengo pa pepala lalikulu, nthambi iliyonse ili ndi dzina. Ine ndinachita nsanje. Mzungu ankatchula makolo ake mpaka kutali, pamene ine ndinkathera pa agogo.

Tsiku lina anandipatsa pepala limene kholo lake lina linalembapo mmene ana ake adzagawanire chuma. Ndinatayipa mabedi, miphika yachitsulo, ng'ombe, akavalo. Pakati pa ng'ombe ndi akavalo panali mkazi wakuda ndi ana ake awiri. Mayiyo anapatsidwa kwa mwana wamkulu wa mzunguyo, tiana tija tinagawidwa kwa ena, kena uku kena uko. Nditamuonetsa, dona anafiira nkhope, anapinda pepalalo n'kuliika pansi penipeni pa bokosi lake. Pa mtengo wake uja anangolemba kuti kholo limeneli linali mlimi woopa Mulungu. Ndinatuluka kukalavula kuseri kwa ofesi, ndipo mumtima ndinati anthu awa ndi auve, ife sitingachite zimenezi.

Komabe ndinayamba kujambula mtengo wanga. Ife Achewa timawerenga mtundu kuchokera kwa mayi, koma ine ndinatengera dona, ndinayambira kwa bambo. Pamwamba ndinaika agogo anga a Kapatuka, bambo a bambo anga, amene ankakhala kumapiri a ku Vubwi asanasamukire ku Katete. Kwathu ankatchuka kuti anali mlenje woopsa, munthu woyamba kukhala ndi mfuti m'dera lonselo. Mfuti yawo ya gogodera inali ikadalipo, bambo anga ankaisunga kudenga ataikulunga m'chikopa, ndipo alendo akabwera ankaitsitsa kuti aione.

Madzulo anzanga akaweruka, ine ndinkatsala muofesi kutsegula mabuku akale a mpingo, ena odyedwa ndi chiswe, kufunafuna maina a abale anga. M'menemo ndinapeza dzina limene sindinkalifuna. Linali la agogo a mkazi wanga, amayi a apongozi anga, amene tonse tinkawatchula kuti a Marita. Anali akadali moyo ku Sinda, nkhalamba yowonda, yosalankhulalankhula, yopera fodya wa m'mphuno n'kumagulitsa kwa anzawo. Pambali pa dzina lawo m'busa wakale analembapo kuti anachokera ku mishoni ya kumalire ku Vubwi, ndiponso kuti anawomboledwa ku ukapolo ali mwana.

Inu owerenga, munthu wanzeru akanatseka bukulo n'kumva chisoni. Ine ndinamva kukoma. Ndinakopera mawuwo pa kapepala n'kukasunga m'thumba la shati. Nthawi imeneyo ndinali pa mkangano ndi alamu anga a Yotamu, mlongo wake wa Eneresi. Ndinkafuna kutenga mkazi ndi ana kuti tizikhala kumishoni, ana azitchedwa dzina la Kapatuka ndi kulowa pa mtengo wanga. A Yotamu ankakana, ankati ana ndi a mbumba yawo, ndipo ine ndine mkamwini chabe. Mawu akuti mkamwini chabe ankandiwawa kwambiri.

Loweruka lina ndinafika anthu akuthothola mtedza pabwalo. Panali apongozi, a Marita, Eneresi, amayi ena a m'mudzimo ndi ana ambirimbiri. Nkhani ija inayambanso, a Yotamu anaseka n'kunena kuti pepala silibereka mwana. Pamenepo ndinatulutsa kapepala kanga, ndinaimirira, ndinawerenga mokweza ngati ndili m'tchalitchi. Kenaka ndinati:

"Ana anga sangawerengedwe ku mtundu wa akapolo. Agogo anuwa anagulidwa ngati mbuzi."

Eneresi anasiya mtedza umene unali m'manja, anandiyang'ana ngati waona chinthu chowola. A Marita sanadzutse mutu, anapitiriza kuthothola mtedza. A Yotamu anatola mpini, amuna awiri anawagwira. Ine ndinakwera njinga n'kubwerera ku Katete osadya, ndipo njira yonse ndinkadziuza kuti ndangonena zoona zokhazokha.

Patapita masiku ankhoswe a mbali zonse anakumana. Ankhoswe anga, amene anali amalume anga, anandiuza kuti ndikapepese ndi nkhuku ndi mbuzi, chifukwa kutchula munthu kuti kapolo ndi mlandu waukulu. Ndinakana. Ndinati sindingapepese pa zimene zinalembedwa m'buku la mpingo, ndipo ndikatenga umboni wina ku mishoni ya kumalire kuti aliyense atseke pakamwa. Ndinkaganizanso kuti kumeneko ndikapeza zambiri za agogo anga a Kapatuka zoti ndikometsere mtengo wanga.

Ndinapempha tchuthi n'kunyamuka. Ulendo wa ku Vubwi pa njinga unali wa masiku awiri, kukwera mapiri ndi kukankha njinga mumchenga. Pamishoni yakaleyo ndinapeza mlaliki wachikulire amene ankasunga makiyi. Atawerenga kalata yochokera kwa abusa athu, ananditulutsira bokosi lachitsulo. Mkati munali mabuku a ubatizo, ndi kabuku kena kakang'ono ka chikuto chakuda mmene mzungu woyamba wa pamalopo ankalembamo za ana amene anawawombola kwa amalonda a anthu.

Ndinapeza tsamba la a Marita masana, nditakhala pakhonde la tchalitchi. Dzina lawo la kubadwa linali Mwatitha. Anali mtsikana wosatha msinkhu, wamasiye, ndipo anamupeza kwa Achikunda ogula anthu akumutengera cha ku Tete, ali ndi zilonda za chingwe m'khosi. Mwanayo atafunsidwa anafotokoza yekha kuti anagulitsidwa ndi amalume ake enieni, mlongo wa mayi ake, amene anamunamiza kuti akupita kukatenga mchere. Amalumewo analandira mfuti imodzi ndi nsalu. Mzunguyo analemba dzina la amalumewo ndi mudzi wawo. Anali Kapatuka, ndipo mudziwo unali womwe uja bambo anga ankautchula masiku onse.

Ndinawerenga katatu. Kenaka ndinathamangira kuseri kwa tchalitchi n'kusanza zonse zimene ndinadya m'mawa. Munthu amene ndinamuika pamwamba pa mtengo wanga anali atagulitsa mwana wa mlongo wake, mwana amene iye anayenera kumuteteza kuposa wina aliyense. Mzungu wa ku Amereka uja, kholo la dona, anagawa anthu achilendo kwa iye. Wanga anagulitsa magazi ake.

Ndiulule chinanso chimene sindinauzepo munthu. Nditabwerera pakhondepo, mlaliki uja anali atapita kukatunga madzi oti ndichukuche m'kamwa. Ndinagwira tsamba lija ndi zala ziwiri, ndinayamba kulikoka kuti ndiling'ambe. Pangodya linang'ambikadi pang'ono. Chimene chinandiletsa si chilungamo ayi, koma ndinamva mapazi a mlaliki akubwera. Ine amene ndinalavulira dona chifukwa chopinda pepala, ndinali pafupi kuchita choposa pamenepo.

Pobwerera ndinayamba ndafika kwa bambo anga. Ndinawapeza akusema mpini, ndipo ndinawafotokozera zonse ndikuyembekeza kuti akana kapena alira. Sanadabwe n'komwe. Anati ankadziwa kuti mfutiyo inagulidwa ndi mwana, koma sankadziwa kuti mwanayo anathera kuti. Anati masiku amenewo kunali nkhondo ndi njala, munthu wopanda mfuti sankagona m'nyumba, ndipo mwanayo analibe mayi. Anawonjezera kuti ndisaipitse dzina la akufa chifukwa cha kamtsikana kamodzi. Mawu akuti kamtsikana kamodzi anandinyansa kuposa za m'buku zija. Zaka zonsezi bambo ankatsitsa chinthu chimenecho kudenga, ankachipukuta ndi mafuta, ankatilola ife ana kuchigwira, akudziwa mtengo wake. Ndinachoka osalowa m'nyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinadyenso m'mbale imodzi ndi bambo anga mpaka anamwalira.

Ku Sinda ndinapita ndekha, wopanda ankhoswe. Eneresi atandiona analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. A Marita ndinawapeza pansi pa nkhokwe akupera fodya wawo pamwala. Ndinagwada patali, ndinawauza kumene ndinapita ndi zimene ndinawerenga. Ndinkaganiza kuti ndikuwabweretsera nkhani yatsopano. Anandisiya mpaka ndinamaliza, kenaka anati:

"Ndinakudziwani tsiku lomwe munabwera kudzafunsira mbeta. Munatchula dzina la agogo anu katatu, mukumwetulira. Ngakhale mukanapanda kutchula, mumayenda ngati iwo."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanakane ukwatiwo, nanga bwanji sanauze ana awo. Anati mdzukulu wawo anandikonda, ndipo iwo anaona kuti ine sindinalipo pa ulendo wa mchere uja. Anati anasunga nkhaniyo kuti ana awo akule osadziona ngati katundu, ndi kuti ana anga asadzadane ndi dzina la bambo awo. Kenaka anayang'ana fodya wawo n'kunena motsitsa mawu:

"Amalume anandigulitsa kutchire, kopanda anthu. Inu mwandigulitsa pabwalo, zidzukulu zanga zikumva."

Zaka zisanu ndi chimodzi mayi ameneyu ankandisungira nthochi zakupsa Loweruka lililonse, ankanditchula kuti amuna anga monga amachitira agogo pocheza ndi wokwatira mdzukulu wawo, akudziwa kuti ndine mdzukulu wa amene anawamanga chingwe.

Ndinapereka mbuzi ndi nkhuku, ankhoswe anakhalanso pansi, ndipo ndinaulula zonse za Kapatuka pamaso pa mudzi. A Marita anati iwo alibe nane mawu. Koma Eneresi anakana kundibwerera. Anauza ankhoswe kuti nkhani ya Kapatuka si imene yamupweteka, chifukwa munthu sasankha agogo. Chimene sangaiwale ndi nkhope yanga pamene ndinkawerenga kapepala kaja, chifukwa ndinkaoneka wosangalala. Anatinso ndikanapeza kuti wogulitsayo anali munthu wina wachilendo, sindikanabwera kudzagwada. Apa ananena zoona.

Ukwati unatha chaka chomwecho. Ana anga anakulira ku Sinda, ndipo kusukulu anzawo ankawanena mawu omwe aja amene anatuluka m'kamwa mwa bambo awo. Mwana wanga wamkulu anamenyana kangapo chifukwa cha zimenezi, mpaka analeka sukulu. A Marita anamwalira dzinja lotsatira. Pamaliro ndinakhala kumbuyo ndi alendo, ndipo palibe amene anandipatsa khasu kuti ndithandize kumanda. Mtengo wanga uja sindinaumalize. Dona Namapepala anabwerera kwawo ndi wake, wooneka bwino, wopanda banga.

Inu owerenga, sindikuti musafufuze za makolo anu. Fufuzani, mabuku alipo m'mipingo ndi m'maboma, ndipo achikulire ena akadali moyo. Koma musanatsegule buku, dzifunseni chimene mukufuna. Ngati mukufuna chokwerera pamwamba pa anzanu, litsekeni, chifukwa mulibe mtundu wa anthu oyera okhaokha, kaya ku Amereka kaya ku Vubwi. Mukapeza chilonda cha munthu wamoyo, dziwani kuti ndi chake, mwiniwake ndiye angasankhe kuchionetsa kapena kuchiphimba. Mukapeza zonyansa za kholo lanu, musazikometse, ndipo musapitirize kulitamanda ngati simukudziwa. Ndipo mukakangana ndi akuchikazi kwanu, kanganani za lero, musakakumbe akufa kuti akumenyereni nkhondo.

Mwana wanga wamkazi tsopano ndi agogo nayenso. Amandipatsa moni mwaulemu tikakumana pamsika wa ku Katete, amandifunsa za miyendo yanga yotupa, nthawi zina amandigulira sopo. Koma zidzukulu zake zikafunsa kuti mkuluyu ndani, amangoti ndi a kalaliki akale a kumishoni.