Waya pansi pa kombi ya Sibiya

Ntchito yanga yoyamba ku Joni ndinaipezera kutchalitchi, ku Bertrams. Ndinakhala benchi imodzi ndi abambo Kachingwe, mkulu wa ku Ntcheu amene anasiya mgodi n'kutsegula galaja kuseri kwa nyumba ya lendi. Potuluka anandifunsa, "Sipanala umaidziwa?" Ndinavomera, chonsecho ndinkangodziwa ya njinga. Mapepala okhalira m'dzikomo ndinalibe, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

Mkuluyu sankakhulupirira munthu. Nati iliyonse imene ndamanga ankabwera kudzaiyesa, ndipo chitsulo chilichonse chochotsedwa pa galimoto ankachisunga m'katoni mpaka mwini wake atachiona. Ine ndinkati ndi matenda a ukalamba basi.

Tsiku lina ndinasintha mashuzi a buleki pa kombi ya Sibiya, Mzulu woyendetsa teksi. Masiku amenewo a mateksi ankalimbirana misewu, aliyense ankayenda chocheuka. Sabata isanathe, kombi ija inabwera ikukokedwa pachingwe. Buleki inali itakana ku Marlboro, galimoto n'kukaima ndi mpanda wa fakitale.

"Wena Nyasa, uthunywe ngubani?" anatero Sibiya, kundifunsa amene wandituma. Anati paipi ya buleki yadulidwa, womaliza kugwira galimotoyo ndine, ndipo ndikapanda kuulula akaitana apolisi. Kwa ine apolisi kunali kubwerera kumudzi chimanjamanja.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti abambo Kachingwe sanandiikire kumbuyo. Anandiyang'ana ngati sakundidziwa, n'kunena kuti, "Lowa pansi. Uchotse wekha paipiyo, ife tikuona."

Ndinakweza kombi ndi jeki, n'kuichirikiza pa zitsulo. Ndinalondola kunyowa kwa mafuta a buleki mpaka pafupi ndi tayala lakumbuyo. Nati ya paipi inali itagwira dzimbiri, ndipo sipanala ya nambala leveni inkafuna kuterereka. Ndikanaiononga akanati ndikufafaniza umboni, choncho ndinaidontheza mafuta n'kudikira, nsapato za Sibiya zitaima pafupi ndi mutu wanga.

Paipi itamasuka ndinaipapasa. Panalibe podulidwa ndi sowo. Inali itadyeka mbali imodzi, mosalala bwino, ndi kabowo konga ka singano. Nditakweza maso ndinaona waya wokulungidwa pa chesesi, chitsulo chachikulu cha pansi pa galimoto, utamanga kabotolo kokutidwa ndi nsalu yofiira. Nsonga ya wayayo ndi imene inkakhula paipi galimoto ikamagwedezeka.

Sindinakakhudze kabotoloko. Ndinaopa kuti ndikakatulutsa ndekha anena kuti ndakaika ndine. Ndinangoti, "Bwerani muone nokha."

Sibiya anagona chagada n'kulowa. Anakhalitsa kumeneko, ndipo potuluka maso anali pansi.

"N'kako?" anafunsa abambo Kachingwe.

Anavomera ndi mutu. Anati sing'anga anamuuza kuti akamange pafupi ndi buleki, adani asadzaidule.

Palibe anaseka. Ndinayeza paipi yatsopano potsata yakale, n'kuidula. Ndinalowetsa manati kaye, chifukwa ukayamba kufutukula kukamwa kwa paipi ndi chida chotchedwa fuleya, nati sidzalowanso. Ndinaipinda pang'onopang'ono pa botolo la chakumwa kuti isafinyike, n'kuimanga. Potulutsa mpweya m'mapaipi a buleki, Sibiya yemweyo ndi amene anakhala pachiwongolero. Ine ndikakuwa "Pompa! Bamba!", iye ankapopa ndi kugwira ngati mwana womvera, mpaka mafuta anatuluka opanda thovu. Kabotolo kake anakamasula yekha n'kukaika m'thumba.

Atapita, ndinali ndikadali ndi mkwiyo. Ndinawafunsa abambo Kachingwe ngati ankaganizadi kuti ndinadula ndine.

"Nanga ndikanadziwa bwanji?" anatero. "Ndipo ndikanakuikira kumbuyo, akanati Anyasa akubisana. Pakamwa panga sipakanakupulumutsa." Anandipatsa paipi yakale ija. "Kaike m'katoni."

Yankho limenelo silinandikomere, ndipo mpaka lero silindikomera. Koma pa galaja yanga imene ndili nayo tsopano pali katoni pansi pa benchi, ndipo palibe chitsulo chimene chimatayidwa mwini galimoto asanachigwire ndi manja ake.