Kabokosi Kamene Ndinapangira Abambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene abambo anasamukira m'khitchini ya kuseri kwa nyumba yathu ku Wankie. Anali atakumba malasha pansi pa mgodi zaka zambiri, mpaka chifuwa chinawatulutsa. Atabwerako kuchipatala anadziikira okha lamulo lakuti mwana asaponde pakhomo pa khitchiniyo, chifukwa mlongo wanga anali akadayamwa. Amayi okha ndiwo ankalowa, kukasiya chakudya ndi kutenga mbale za dzulo.

Sindikulemba izi kuti wina andimvere chisoni. Ndikungonena zimene ndinachita.

Mawu a abambo anali atatha. Munthu amene kale ankati akaitana ali kumpopi mzere wonse wa nyumba za kampani nkumva, tsopano ankangonong'ona. Ndikaima pomwe ankandilola kuima, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala, ndinkangoona milomo ikugwedera mumdima wa m'khitchinimo.

M'kalasi ndinali wogona, koma manja anga anali ogalamuka. Ndinkakonda kuthera masana kumsika kwa a Zuze, bambo wina wochokera ku Mozambiki amene ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo. Nditawafotokozera vuto langa, anatola sipika yong'ambika nkundilozetsa nayo.

"Ichi chimadziwa ntchito ziwiri, mfana. Ukachipatsa magetsi chimalankhula, ukachilankhulira chimamva. Peza ziwiri ndi waya, ubwere."

Waya sunavute. Ana onse a m'komboni tinali ndi waya wopyapyala, wofiira ndi wachikasu, wotsala akaphulitsa miyala kumgodi, womwe tinkakulungira magalimoto athu. Ndinalumikiza tizidutswa tambirimbiri, mfundo iliyonse nkuikulunga ndi chubu cha njinga. Mbali yanga ndinaikako kawailesi kofa kale mbali yogwira masiteshoni, koma kamoyo mbali yokweza mawu. Mbali ya abambo ndinapezera sipika yaikulu ya galamafoni yakale imene inatayidwa ku Baobab, kumtunda kwa azungu. Vuto linali lakuti ziwirizi sizinapangidwe kuti zigwirizane. Nditangozilumikiza, zinangolira ngati njuchi. Panafunika kanthu kapakati. A Zuze anazula kathiransifoma m'wailesi ina yakufa, ndipo tinakaika m'chitini cha fodya pamodzi ndi switchi ya malo atatu: kumanja ndilankhule ine, kumanzere ndimve, pakati kuzima. Ndinawotcherera ndekha ndi chitsulo chotenthetsa pambaula. Chipsera cha pachala chachikuluchi ndi cha sabata imeneyo.

"Uike kababu kwa madala," anatero a Zuze, "adziwe ngati uli pa waya kapena ayi."

Ndinawayankha kuti kababu kangadye mabatire. Zoona zake n'zakuti ndinali nditatopa, ndipo ndinkafuna chigwire tsiku lomwelo.

Chinagwiradi. Amayi anakapachika sipika pamsomali pafupi ndi mutu wa abambo, waya nkudutsa pabwalo, nkulowera pazenera la chipinda chimene ndinkagona. Nditapotokola kumanzere, ndinamva kaye mpweya wolemera, kenako mawu.

"Tobiyasi? Ndiwe uli m'chitinimu?"

"Yebo, baba."

"Yebo ukanene kusukulu. Kuno uziti wawa."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Anthu a mzere wathu anabwera kudzaona, ena nkumapempha kuti apereke moni kwa a Layimoni pa telefoni ya mwana wawo. Masiku amenewo ndinkayenda ngati mgodi wonse ndi wanga.

Chidwi cha anthu chitatha, abambo anandiuza chimene ankafuna. Tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu, ndizikhala pa kabokosi kathu kolankhulirana, andipatse njira ya kwawo. Dzina lakuti Layimoni silinali lawo. Anabwera m'dziko muno ali mnyamata, wapansi, ndi chitupa cha munthu wina, ndipo dzina la pachitupalo linawamatirira. Sanabwerereko ndipo sanalembeko kalata. Anali mtchona, ndipo manyazi a zimenezo anawatseka pakamwa zaka zonse. Amayi, omwe ndi Mnambya wa kumidzi ya konkuno, ankangodziwa kuti amuna awo ndi a ku Dedza. Anzawo a kumpingo nawonso ankadziwa zomwezo basi.

Anayamba njirayo chobwerera, kuchokera pasiteshoni ya Wankie. Sankadumpha kanthu. Sitima ya ku Bulawayo, munda wa fodya kumene anagwirako miyezi isanu ndi umodzi, kapitawo amene anawabera nsapato, chitsime chimene anamwapo madzi onunkha. Mawu atatu, kupuma, mawu awiri, kukhosomola. Kunja anzanga anali akumenya mpira wachikulunga pabwalo lakuda ndi fumbi la malasha, ndipo ndinkamva chigoli chilichonse.

Tsiku lachiwiri ndinapotokola kumanja.

"Baba, ingonenani dzina la mudzi ndi la munthu wokamufunsa."

"Ukuthamangira kuti? Zambezi sitinawoloke n'komwe. Dzina lokha ukasochera nalo. Ndikuyendetsa mmene ndinayendera."

Tsiku lachinayi ndinazindikira kanthu. Akayamba kulankhula sankafunsa funso, chifukwa ndinali nditawauza ndekha kuti awiri sangalankhule nthawi imodzi. Ndiye ndinati, "Wawa, ndikumva," nkumvetsera pang'ono, kenako nkuika switchi pakati. Sindinaisiye kumanzere, kuopa kuti amayi angamve mawu akulankhula m'chipinda chopanda munthu. Ndinaganizira mpaka pamenepo. Ndinatseka chitseko nkutulukira kukhomo lakumaso, kumene maso a m'khitchini sankafika. Wuta, lipenga la kumgodi lowerutsira antchito, ikalira ndinkathamangira kunyumba thukuta lili kamukamu, nkupotokola kumanja: "Zikomo baba, tipitiriza mawa."

Ndinachita zimenezi masabata atatu. Chomaliza chimene ndinamva ndi makutu anga n'chakuti anali pa Tete, atakhala pamwala, akudikira bwato.

Tsiku lina Lachitatu nditabwerako kumpira, ndinapotokola kumanzere kuti ndione ngati amaliza. Ndinapeza mchira wa nkhani.

"…ndiye ukangotchula dzina limenelo pakhomo pamenepo, akakulandira. Wasunga?"

Switchi inali m'manja mwanga. Ndikanatha kunena kuti mabatire anafooka, abwereze. Ndikanathanso kunena zoona, nkulandira mbama ya amayi. Ndinapotokola kumanja.

"Ndasunga, baba."

"Basi," anatero. "Ndafika."

Ndinadziuza kuti ndiwafunsa mawa mochenjera. Mawa lake anagona tsiku lonse. Lachisanu ndinachita manyazi. Loweruka m'mawa anawanyamula kupita nawo kuchipatala, ndipo sanabwereko.

Maliro atatha, mkulu wa mpingo, a Gomani, anabwera kunyumba ndi pepala ndi envelopu. Kwathu munthu akamwalira kutali, uthenga uyenera kukafika kwawo, abale ake akalire. Panalinso china. Nyumba inali ya kampani, ndipo wantchito akachoka, banja limachoka. Amayi ankayembekezera kuti abale a amuna awo akamva, mwina atenga anawo kapena atumiza mawu.

"Nena, mwana wanga," anatero amayi. "Abambo ako anandiuza kuti zonse anakusiyira. Anali okondwa."

M'nyumbamo munali anthu asanu ndi mmodzi, onse akundiyang'ana. Ndinatsegula pakamwa nkupeka dzina la mudzi pomwepo. Ndinapekanso dzina la amalume. Zinatuluka bwinobwino, osajejema.

A Gomani anaimitsa cholembera. "Mudzi umenewu sindinaumvepo. Komabe Dedza ndi yaikulu."

Kalata inapita. Ife tinasamukira kwa achimwene awo a amayi, anthu asanu m'chipinda chimodzi. Lamulungu lililonse amayi ankaima pakhomo la tchalitchi kudikira a Gomani, ndipo iwo ankangopukusa mutu ali patali. Chaka chitatha a Gomani analembanso ina. Pambuyo pake amayi anasiya kufunsa nkuyamba kutukwana. Ankati anthu a kwawo kwa amuna awo ndi ouma mtima, anakana mwana wawo ali moyo, amukananso atafa, nanga ana amasiyewa analakwa chiyani. Ankanena zimenezi ndili pomwepo ndikudya, ndipo ndinkameza.

Sukulu ndinaisiyira mu Fomu 2. Sindinamizira abambo, ndinali nditatopa nayo kale. Koma n'zoona kuti munthu akaima kutsogolo nkumalankhula pang'onopang'ono, sindinkapirira, ndinkangotuluka.

Panopa ndimakonza mawailesi ku Empumalanga, komboni ina ya konkuno ku Wankie. Miyezi ingapo yapitayi injiniya wina anabwera ndi timakompyuta tiwiri ta ana ake, ndi buku la zojambula, kuti ndimupangire kabokosi kotilumikiza, kuti zolembedwa pa kena zizifika pa kanzake. Ntchito yake sinali yosiyana kwenikweni ndi ija ya pakhonde la a Zuze. Chimene chinandiimitsa ndi mmene timakinato timachitira. Kotumizako kamatumiza pang'ono, nkuima, kudikira kuti kanzake kayankhe kuti kalandira. Kakapanda kuyankha, kapena kakalandira zoduka, kotumizako kamabwereza, ndipo sikapitirira. Ndinazula waya dala kuti ndione. Kanaima pomwepo nkumadikira.

Ndinatseka shopu dzuwa lili pamutu nkupita kwa amayi. Ndinawapeza akusankha nyemba palichero. Ndinanena zonse ndili chiimire, za mpira, za switchi, za mudzi wopeka. Ndinkafuna andimenye. Ndinali nditakonzeka.

Manja awo anaima m'nyembamo.

"Ndiye kuti sanatikane," anatero m'Chinambya.

"Ayi, mayi."

"Zaka zisanu ndi zinayi ndikutukwana anthu osalakwa." Anatola kamwala m'lichero nkukaponya pansi. "Ndiye kuti kwawoko abambo ako akadali moyo."

Mpaka lero nkhaniyi sanaiyambenso.

Kale ndinkaganiza kuti cholakwa changa chinali kuthawira kumpira. Ayi, mwana aliyense amathawa nkhani za akulu, ndipo akulu amadziwa, n'chifukwa chake amabwereza. Abambo akanabwereza kakhumi, ndi mpweya wochepa womwewo. Ine ndi amene ndinawaletsa, chifukwa ndinkaopa kuoneka wolakwa kwa mphindi imodzi. Ndinkayesanso kuti ndinabera iwo, amayi ndi ine ndekha. Sindinawawerengere a tsidya linalo. Kwinakwake ku Dedza kuli khomo kumene mwina kuli gogo wina, mlongo wawo kapena mphwawo, amene mlendo akafunsa amayankhabe kuti, "Ali ku Wankie, adzabwera." Munthu yekhayo amene angakamuuze kuti alire, asiye kudikira, ndine. Dzina lake sindilidziwa.