Madontho Amene Analowetsa Amayi M'nyumba

Mng'ono wanga timamutchula kuti Madontho, ndipo dzinali analikhetsera thukuta. Amagwira ntchito ku ofesi yoyeza zivomerezi, komwe amasandutsa manambala kukhala zithunzi zoyenda pakompyuta. Ine sindibisa, kwa zaka zambiri ndinkati mwanayu amangopita kukasewera.

Chivomerezi chachikulu chitagwedeza tauni yathu, amayi anatulutsa matiresi pabwalo n'kukaniratu kubwerera m'nyumba. Injiniya anabwera, anayendera makoma onse, nati nyumba ili bwinobwino. Amayi anangoti, "Akagonemo iyeyo." Atatha milungu itatu panja, chifuwa chinawagwira. Ine ndinalalata mpaka mawu kusasa, koma mumtima ndinali ndi mantha kuti amayi apulumuka chivomerezi n'kudzafa ndi chisanu.

Loweruka m'mawa Madontho anatulukira ndi laputopu. Pamapu ake, kachivomerezi kalikonse kotsatira chachikulu chija kankatuluka ngati kadontho kofiira. Koma anthu a manambala safuna kutaya kanthu, ndiye kadontho kakatuluka kankakhala pomwepo. Pofika kumapeto, mapu onse anali psuu ngati mwana wodwala chikuku. Amayi anangodzuka n'kukokera matiresi kutali, kufupi ndi mpanda.

"Wathira mafuta pamoto," ndinamuuza. Madontho anangotseka laputopu yake. Anakhala patebulo la kukhitchini masiku awiri akukonzanso mapu aja, tiyi akuzizirira m'kapu.

Atabwerera kwa amayi, kadontho kalikonse kankatupa n'kuzimiririka, ndipo deti linkasintha pakona. Tsiku loyamba madontho anali ngati mvula pamalata. Mlungu wachiwiri ankagwa apa ndi apo. Wachitatu unkachita kuwadikirira.

"Imitsa," anatero amayi, chala chili pagalasi la laputopu. "Ichi ndi cha Lachiwiri, chimene chinagwetsa makapu anga."

"Ndi chomwecho, amayi."

"Ndiye zatha?"

"Ndisakunamizeni, zina zibwerabe. Koma taonani mmene zikucheperachepera. Ndipo nyumba yanu inapirira chachikulu chija."

Amayi anaonera kanayi, akuwerenga masiku ndi zala. Kenako anaimirira, anasasa fumbi pansalu, n'kutembenukira kwa ine.

"Iwe wapakamwa, ukudikira chiyani? Gwira mbali iyo."

Ndinagwira matiresi aja misozi ikulengeza, ndikunyadira mng'ono wanga yemwe ndinkamuseka uja. Iye anatsogola kukatsegula chitseko, ndipo amayi analowa m'nyumba mwawo akutilangiza kuti tisagunde makapu otsalawo.